Zipaipi za katoni ndi udzu wanga wofolera

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba, udzu wofolera nyumba ndinamweta ndekha. Bambo ake a mwanayo nthawi imeneyo anali ku Balaka, kumene anapeza ntchito yosakaniza simenti pa nyumba ina yaikulu imene inkamangidwa kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ine ndinali kwathu, m'mudzi mwa amayi anga, kum'mawa kwa Liwonde panjira yopita kwa Kawinga. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo chinthu choyamba chimene anthu amayang'ana akafuna kudziwa ngati mwana wawo anakwatiwa ndi munthu kapena chithunzi, ndi denga. Kumweta atha kumweta mkazi. Kukwera pamwamba n'kufolera ndi kwa mwamuna.

Denga lathu linali litatha. Masana ukagona pamphasa, dzuwa linkalowa m'timabowo n'kujambula madontho pansi ngati nthenga za nkhanga. Mwana anali ndi chifuwa chimene chinayamba nthawi yozizira, chimangoti chaleka, chayambanso. Kusikelo anandiuza kuti ndisamamugoneke ponyowa. Ndinayankha kuti ndamva, ngati kuti kunyowako ndinkakuitana ndine.

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkabereka mwana, kutenga chisikilo, ulendo kudambo, kuthamangitsana ndi osaka mbewa asanatenthe tchire. Udzu umacheka zala, umayabwa m'khosi, ndipo mtolo wake ukausenza umakukoka ngati ukufuna kubwerera kumene wachokera. Ndinatuta mpaka mulu unakwera kupitirira mutu wanga. Amayi anandithandiza kumanga thandala la mitengo kumunsi kwa bwalo kuti chiswe chisaupeze. Nditagulitsa nandolo ndinagulanso chipepala chakuda cha pulasitiki choyala pansi pa udzu, ndinachipinda bwinobwino n'kuchiika kumutu kwa mphasa. Chimene chinatsala n'kuti mwini nyumba abwere, akwere, amange.

Anabweradi, dzuwa litayamba kuwawa. Ndinamva ana akukuwa kumsewu, nditasuzumira ndinaona njinga yobwereka ikubwera yokha, munthu osaoneka. Anali atamangirira zinthu ziwiri zazitali, zobulungira, zofiirira, china uku china uku, iwo akukankha ali pakati. Anatsika nazo sitima pa Liwonde, ndipo kuchokera kumeneko anayenda pansi chifukwa pokhala panalibe. Mtima wanga unati mwina ndi zosungiramo mpunga. Ndinali ndikadali mtsikana, ndinkaganizira anthu zabwino.

Atamwa madzi anafotokoza. Ku Balaka kuja, pomanga zipilala zobulungira za pakhonde, amisiri ankaimika zipaipi za katoni, kuthiramo simenti, ikauma n'kuzisenda ngati nthochi. Ziwirizi zinali zidutswa zotsala, akapitawo anawalola kutenga. Zinkandifika pachifuwa, ndipo mwana wokwawa akanatha kulowa uku n'kutulukira uko. Katoni wake anali wochindikala ngati chala, wokulungidwa mozungulira mpaka pamwamba, mkati moterera chifukwa anapakamo zonga kandulo kuti simenti isamatirire. Mnzawo wina wa pantchito anawauza kuti kutauni anyamata amaika sipika ya wailesi pa chipaipi chotere, ndipo nyimbo imamveka kutsidya kwa mtsinje. M'chikwama anatulutsa wailesi ya kaseti imene inadya malipiro awo onse, ndi masipika awiri akuluakulu ochokera mu gumbagumba ya malemu achimwene awo amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Bokosi lake anadya makoswe kalekale, koma masipika anatsala.

Masiku amenewo zimkuzamawu zimene tinkazidziwa kumudzi zinali za pagalimoto yoitanira anthu kumsonkhano wa chipani, zija zokhala ngati duwa la dzungu. Sindinaone kuti pakhomo panga pakusowa chinthu chotere. Ndinadikira adye kaye, kenako ndinawaonetsa mulu wa udzu. Anauyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mbuzi ya eni.

“Amake mwana, inu mukuganizabe za udzu? Zikwati zonse za kuno mpaka ku Nayuchi azidzaitana ine. Pofika Khirisimasi nyumba ino ikhala ya malata.”

Ndinati mvula sidikira Khirisimasi. Anati afolera ndithu, koma amalize kaye ntchito yamsangayi, chifukwa m'mudzi woyandikana nawo munali ukwati kumapeto kwa mwezi ndipo anali atalonjeza kale kuti nyimbo zichokera kwa iwo. Analonjeza ali m'sitima, zipaipizo zisanaimbe ngakhale kamodzi.

Tsiku lotsatira alamu anga anafika. Awa anali amuna a achemwali anga, akamwini anzawo, odziwika dera lonse poimba ng'oma za beni. Ndinene apa kuti alamuwo nyumba yawo anali atafolera kale, bwinobwino, mpaka kudula udzu wa m'mphepete molingana. Atamaliza kwawo ndi pamene anapeza nthawi yodzakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga n'kumagawa nzeru. Anagogoda chipaipi ndi chala, kuika khutu, kugwedeza mutu. Anati ichi si chachilendo iyayi, ndi ng'oma basi, kungoti ya azungu. Ng'oma ili ndi thupi, chikopa pamwamba, kamwa pansi. Choncho sipika ikhale pamwamba moyang'ana kumwamba ngati chikopa, pansi pakhale kabowo kopumira, ndi timiyendo kuti kamwa lisatsekeke ndi dothi. Bambo ake a mwana anavomera zonse. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ankachita ankayamba afunsa kuti nanga ng'oma amaitani.

Ntchito inayamba, ndipo ziwiya zanga zinayamba kusowa chimodzichimodzi. Lichero langa ndilo linali muyeso wojambulira zivundikiro pa thabwa. Ndikafuna kupeta, lichero lili pansi pa mango, munthu akulizunguliza ndi khala. Sowo anabwereka kwa mmisiri wa mipando, ndipo podula thabwa mozungulira anaononga matabwa angapo, chivundikiro chikutuluka ngati dzira, china ngati tsamba. Mpeni wanga wa ndiwo unapita kukasema timiyendo n'kubwerera uli ndi mano ngati a nkhalamba. Anakangana masiku ndithu za kutalika kwa kansungwi kolowetsa pabowo lopumira. Alamu ankati kafupi, bambo ake ankati katali, ndipo ankadula pang'onopang'ono n'kumapemerera m'kati, masaya ali tutumu, amuna awiri a ndevu. Ine ndinkangodutsa ndi ndowa pamutu.

Mnzawo wa ku Balaka uja anawauzanso kuti m'kati muikidwe zofewa kuti mawu asamachite phokoso ngati m'chitini. Anapita kwa amayi anga n'kukapempha thonje lotsala limene ankasunga kuti asokere mtsamiro. Amayi sakanakaniza mkamwini pamaso, anapereka, kenako anabwera kukhitchini kwanga kudzandifunsa ngati mwamuna wangayo akudwala. Ndiye panali za kumata. Ankati mpweya usatuluke paliponse koma pa kansungwi pokha. Masana dzuwa likafika paliwombo, bambo ake ankapita kumsewu waukulu ndi supuni yanga kukapala phula lofewa m'mphepete, akuyang'ana uku ndi uku kuopa kugwidwa. Ankalisungunula mu kasafuliya kanga kophikira phala la mwana. Kasafuliyako sikanabwererenso mwakale. Ndinakwecha ndi mchenga mpaka zala kutupa, phala linkamvekabe msewu.

M'mawa uliwonse ndikawapatsa madzi osamba ndinkanena mawu amodzimodzi, mwaulemu, kuti denga. Yankho linkasinthasintha: mawa, likapita Loweruka, luzi silinafewe, kukutentha kwambiri munthu angagwe pamwamba. Kutentha komweko sikunawaletse kukhala pamsewu ndi supuni. Kum'mawa mitambo inayamba kuunjikana madzulo n'kumabalalika, anthu anayamba kutsiriza kugalauza m'minda, ndipo nyumba zonse za m'mudzi zinali ndi udzu watsopano wonyezimira kupatula yathu.

Tsiku lina ndikuchokera kuchitsime ndinaona zipaipi zija zitasanduka zakuda, zikung'anima. Ndinaima ndowa ili pamutu. Ndinalowa m'nyumba, kuyang'ana kumutu kwa mphasa, chipepala changa palibe. Bambo ake anali atachidula pakati, kukulunga chipaipi chilichonse, kumata ndi phula, zotsala zili mbwee pabwalo ana akuseweretsa. Anandiuza kuti katoni woonekera amachotsa ulemu, anthu akaona aziti munthuyu watola zinyalala, koma tsopano zikuoneka za m'sitolo. Anawonjezera kuti pansi pa malata sayalapo pulasitiki, ndiye sichikanagwira ntchito.

Ndinatula ndowa. Ndinatola zidutswa zija chimodzichimodzi, kuzipinda, kuziika m'dengu. Zina zinkakwana kuphimba mtsuko, basi.

Tsiku loyesa anabwera ndi batire la galimoto lobwereka kwa mwini chigayo. Analowetsa zonse m'nyumba kuti anthu asaone msanga, ngakhale mudzi wonse unali kale pakhomo. Analumikiza mawaya, alamu anapukusa kabatani. Sindinama, zinalira. Sanali mawu omwe tinkawadziwa a wailesi. Kunali kugunda kwakuya, du du du, kumene kunkabwera kudzera pansi n'kulowa m'mapazi. Mbale zinayamba kuyenda zokha pathandala la m'nyumba. Kenako denga lathu lakale lija linayankha. Mwaye unayamba kugwa ngati mvula yakuda, tizidutswa ta udzu wowola, mphemvu, ndi buluzi mmodzi amene anagwera pa phewa la alamu. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, kulirako n'kusanduka kutsokomola. Ndinatuluka naye ndikumupukuta mwaye kumaso.

Nditafunsa pambuyo pake kuti nanga woimbayo amati chiyani, poti mawu sankamveka, bambo ake anaseka. “Izi samvera m'khutu, amake mwana. Amamvera pamimba.”

Ndinati pamimba pa mwana pamva, wasanza phala.

Chizimalupsa chinagwa kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike. Inali mvula ya masana, yobwera ndi mphepo ndi fungo la fumbi. M'nyumba mwathu inalowa ngati mulibe denga. Ndinathawira pakona imodzi imene sinkadontha kwambiri, mwana ndamufungatira, beseni ndaligwira pamutu pathu ndi dzanja limodzi. Bambo ake anali kalikiliki kusuntha zipaipi, uku kwadontha, uko kwadontha. Anatenga bulangete lathu n'kuphimba wailesi. Koma masipika anali oyang'ana kumwamba monga analangizira alamu, ndipo sipika ndi yolowa pakati ngati mbale. Madzi akuda a m'denga anadikha m'menemo. Pansi napo madzi anayenderera mpaka kupitirira timiyendo tija, katoni n'kuyamba kumwa. Mvula itatha anakhuthula madziwo, kupukuta ndi malaya, n'kunena kuti palibe chaonongeka. Mwana anatsokomola mpaka tsiku lotsatira.

Ndinaganiza kuti mwina tsopano aona okha. Anaonadi, koma chimene anaona n'chakuti zipaipi zikufunika malo abwino. Anakazisungitsa m'nyumba ya alamu, yofolera bwino ija. Ine ndi mwana tinatsala m'mene tinali.

M'mawa wa tsiku la ukwati kunacha kowala, kotentha, kamphepo kakuomba. Anabwera nazo zipaipi pabwalo pathu kuti ayese komaliza asanazikweze panjinga. Atayatsa, kugunda kuja kunalibe. Zinkalira mwa phwe phwe, ngati munthu wa chimfine akuyankhula m'chikho. Bambo ake nkhope inagwa. Anapukusa mabatani onse, kusintha kaseti, kunyambita waya kuti amve ngati batire lili ndi moto. Alamu anagogoda pa sipika ndi chala, anamvetsera, kenako anamwetulira ngati sing'anga amene wapeza matenda.

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa zimene amachita ng'oma ikazizidwa. Chikopa chikamwa chinyezi chimalefuka, ng'oma imalira ngati yodwala. Oimba amayatsa kamoto ka udzu, kuyandikiza chikopa, kumachisisita ndi dzanja n'kumagogoda mpaka chitakungika, mawu n'kubwerera. Amati kuwamba. Alamu anachita zimenezi kuyambira ali mnyamata, ndipo sanaonepo ng'oma ikukana moto. Anati izi zangozizidwa basi, tiziwambe.

Pabwalo panali posesa, panalibe chinyalala choyatsira. Maso awo onse awiri anapita pa mulu wanga. Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa.

“Iyayi, udzu umenewo ndi wa denga,” ndinatero.

“Kadzanja kamodzi kokha, mlamu,” anatero alamu, akusolola kale. “Denga silingalire chifukwa cha kadzanja kamodzi.”

Kanali kadzanja kamodzi koyamba. Kenako kachiwiri, poti udzu suyaka nthawi yaitali. Anayatsa chapakati pa bwalo, ndipo bwalo lathu linali lotsetsereka, kumtunda nyumba, kumunsi thandala la udzu. Anapendeketsa chipaipi chimodzi, alamu atagwira kumutu, bambo ake atagwira kumiyendo, sipika yayang'ana moto. Alamu ankagogoda n'kumati zikubwera, zikubwera, yandikizani pang'ono. Ndinaona pulasitiki ikuyamba kukwinyika ngati khungu la nkhalamba. Ndinamva fungo la msewu. Phula la m'mphepete mwa chivundikiro linayamba kudontha, ndipo dontho lililonse likagwera pamoto linkabwerera m'mwamba lili lawi.

Ng'oma ndi mtengo ndi chikopa. Ichi chinali pepala, kandulo, phula, pulasitiki ndi thonje la amayi anga. Sindikudziwa ngati munthu wofuna kupanga choyatsira moto akanasankha zina. Sipika inabooka kamodzi n'kamodzi, moto n'kulowa m'kati, ndipo kansungwi kaja kamene anakanganirana masiku ambiri kanagwira ntchito yake bwino kwambiri, kankakoka mpweya ngati mvukuto. Chipaipi chinayamba kulira chokha, huu, mawu akuya kuposa tsiku loyesa lija. Pulasitiki yosungunuka inagwera alamu pa dzanja, anakuwa n'kutaya. Bambo ake nawo anataya.

Chinthu chobulungira ukachitaya pamalo otsetsereka sichikhala pomwepo. Chinagubuduka pang'onopang'ono, chikutulutsa utsi wakuda uku ndi uku, amuna awiri akuchitsatira m'mbali manja ali m'mwamba, aliyense akuuza mnzake kuti achigwire. Chinakalowa pansi pa thandala ngati chinapimidwa kuti chikwane pamenepo.

Udzu umene wauma miyezi yonse ya dzuwa sufunsa. Mvula ija inangonyowetsa pamwamba, ndipo pofika tsikulo panali pouma kale. Ndinathamanga kukapatsira amayi mwana, n'kubwerera. Ndinakoka mitolo ya kumbali imene moto unali usanafike, ndinakoka mpaka nsidze zinapsa ndipo achemwali anandigwira m'chiuno. Akazi a m'mudzi anabwera ndi mitsuko ndi ndowa, koma madzi a kumwa a mudzi wonse pa moto wotere ndi malovu. Mwayi wake mphepo inkaombera kumunda, ikanatembenuka bwenzi nyumba nayo itapita. Pamene ife tinkalimbana ndi moto, ndinaona bambo ake akuthamanga kulowera kwa alamu, wailesi ili kukhwapa, kenako anabwereranso kudzanyamula chipaipi chotsalacho ngati mwana wodwala.

Posakhalitsa zonse zinatha. Panatsala mitengo ya thandala ikufuka, phulusa loyera, ndi chitsulo chobulungira cha sipika chili gone pakati. Mitolo imene ndinapulumutsa sikanakwana ngakhale khola la nkhuku.

Ukwati unachitika ndithu. Anthu anavina ng'oma za alamu. Alamuwo anamanga kansalu pa dzanja lopsalo, kupita, kuwamba ng'oma zawo pa kamoto monga mwa masiku onse, ndipo ndinamva kuti zinalira bwino kwambiri. Anabwerako ndi nyama m'mbale. Bambo ake a mwana sanapite, anakhala pansi pa mango tsiku lonse akufotokozera aliyense wodutsa kuti vuto linali mphepo.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinamanga zovala za mwana, kasafuliya kaja, ndi lichero langa. Nyumba ya amayi inali patsidya pa bwalo lomwelo, mtunda woti ukatsokomola amva, koma ndinasenza katundu pamutu kuti aliyense aone. Bambo ake anandifunsa kumene ndikupita. Sindinakweze mawu.

“Mwana akagona kofolera. Inu khalani ndi ng'oma yanu. Tsiku limene ndidzaone udzu pamwamba apo, ndidzabwera.”

Amjomba anga, achimwene awo a amayi, amene amayang'anira mbumba yathu, anabwera mawa lake. Sanakalipe. Anazungulira nyumba, kuyang'ana denga, kuyang'ana phulusa, kenako anapempha kuona chipaipi chotsalacho. Anachigogoda ndi ndodo n'kufunsa mkamwini wawo ngati munthu angathe kugona m'menemo mvula ikamagwa. Atamva kuti iyayi, anati ndiye afolere, apo ayi njira ya kwawo akuidziwa. Anatsanzika n'kumapita.

Apa ndi pamene bambo ake anadziwa chimene ine ndinkachidziwa kuyambira nthawi yozizira, kuti udzu uli ndi nyengo yake. Anatenga chisikilo changa n'kupita kudambo, anapeza lupsa lokhalokha, tiudzu tatsopano tobiriwira tikungotuluka kumene. Anayenda midzi yoyandikana nayo kupempha, koma wina aliyense wake anali ataukweza kale padenga. Alamu anali ndi mitolo ingapo yotsala, koma anati ndi yokonzera bafa. Mvula yeniyeni inayamba. Ndili kwa amayi ndinkaona utsi wochepa ukutuluka m'nyumba mwathu, munthu akuyesa kuphika pa nkhuni zonyowa. Chakudya ndinkatumiza, sindinali wankhanza. Koma sindinapite. Mwana anayamba kugona bwino, chifuwa chinaphwa, masaya anabwerera.

Udzu unapezeka pa malo a malonda a m'mbali mwa msewu. Mwini tiyirumu wina, bambo wachisilamu wodekha, anali ataunjika wambiri kuti awonjezere chisakasa chodyeramo anthu, koma anali asanamange. Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto osaseka, ndipo ndimawalemekezabe pa chimenecho. Anati udzu apereka, koma iwo apatsidwe wailesi ya kaseti ndi sipika yotsalayo kuti makasitomala azimvera. Chipaipi anachikana. Anati sipika akaiika pakamwa pa mtsuko wosweka, monga amachitira ena onse, ndipo mtsuko suopa mvula kapena moto.

Bambo ake anatuta udzuwo pamutu, mtolo umodziumodzi, njira yomwe ija anadutsa ndi zipaipi ana akuwakuwira. Ulendo uno ana sanawatsatire. Anafolera okha, pakati pa mvula ndi mvula, chifukwa alamu msana unali utayamba kuwapweteka. Udzu unali wochepa, anauyala mopyapyala, pansi popanda pulasitiki. Tizidutswa tija ndinasunga m'dengu ndinawapatsa kuti aike pamwamba pa malo ogona mwana, ndipo analandira osayang'ana nkhope yanga. Nditaona kuti amanga nsonga, ndinasenza lichero ndi kasafuliya n'kubwerera. Chaka chimenecho nyumba inkadontha malo amodzi, pafupi ndi chitseko. Ndinaikapo beseni.

Chipaipi chotsalacho anakana kuchitaya. Anachiimika kuseri kwa chitseko, chopanda sipika, pakamwa pali yasa, akuti tsiku lina adzapeza ina. Ndinkaponyamo zitsononkho zoyatsira moto. Chakumapeto kwa dzinja ndinafuna kuchisuntha kuti ndizire pansi, nditachigwira chinangofwanyika m'manja. Chiswe chinali chitalowera ku timiyendo n'kudya katoni yense m'kati, kusiya pulasitiki yokha itaima ndi dothi lofiira.

Tinakhala limodzi ndithu, ana ena anabadwa, ndipo chaka chilichonse udzu ukangofika pakhomo ankakwera padenga ndisananene kawiri. Koma nkhani ija sanaisiye. Akakhala ndi anzawo pansi pa mango ankawauza kuti iwo ndiwo anayamba kubweretsa nyimbo zogunda pamimba m'dera lino, anthu asanazidziwe, ndipo kuti nzeru yowamba inali yabwino ndithu, kungoti moto unachuluka pang'ono. Ankati chipaipicho chitangotsala pang'ono kugwa, mawu ake anali atabwerera kale, anawamva okha. Pamenepo sankanama. Nanenso ndinawamva.